Ng'ombe Ikhale Pati pa Mndandanda?

M'chigwa cha Domasi, monganso kwina kulikonse m'dziko muno, zinthu zambiri zokhudza moyo wa munthu zimadzera pa mndandanda wa mayina. Zotsatira za mayeso a Sitandade 8 zikatuluka amazimata pakhoma, makolo n'kuunjikana, aliyense chala chili pa pepala. Feteleza wotsika mtengo, chimanga cha thandizo chaka cha njala, masikito a kusikelo, kaundula wa ubatizo ku tchalitchi, buku la banki m'khonde, zonsezi ndi mayina ondandalikidwa. Ndipo pali mawu amene munthu akawamva kuchokera kwa mlembi amazizira nkhongono: "Dzina lanu palibe."

Dzina likasowa timathamangira kuganiza za chinyengo, ndipo nthawi zina zimakhaladi choncho. Koma ine ndaonapo dzina likusowa popanda wakuba aliyense. Linalipo pa pepala lomwelo, lolembedwa bwinobwino, kungoti linaikidwa pamalo pamene mlembi sakanaganiza zoyang'anapo. Analiika pamenepo si munthu ayi, koma lamulo lobisika m'kati mwa kompyuta, lamulo limene palibe mmodzi wa ife analisankha.

Ndine mphunzitsi, ndipo popeza zamakompyuta ndimazidziwako, akuluakulu a kakomiti kena kolipirira fizi ana amasiye a m'midzi yozungulira mishoni ya Domasi anandipempha kuti ndiziwathandiza kusunga mayina. Database ya komitiyo anaikonza ndi mtsikana wina wodzipereka wochokera ku Ulaya, wolankhula Chifalansa. Anagwira ntchito yabwino ndithu. Anagwiritsa ntchito PostgreSQL, pulogalamu yaulere yosungira zinthu mwadongosolo, yomweyo imene imakhala kunsi kwa DHIS2 yomwe unduna wathu wa zaumoyo umasonkhanitsira ziwerengero za m'zipatala. Pochoka anasiyira komiti laputopu yake ya Mac. Kope lina la database yomweyo limakhala pa seva ya Linux kuti anthu otithandiza kunja azitha kuona, ndipo wapampando amakonda kutsegula mayinawo mu Excel pa kompyuta yake ya Windows. Popeza laputopu ya mtsikanayo inkalankhula Chifalansa, database inabadwa ndi chizindikiro chakuti fr_FR.UTF-8, ndipo pa seva anaikanso chomwecho.

Tsiku lina lotsimikizira mayina kumayambiriro kwa teremu, mayi wina wachikulire anafika ndi mdzukulu wake. Dzina la bambo la mwanayo ndi la mtundu wa mayina ofala kuno kwa Ayao, monga M'bwana kapena M'manga, okhala ndi nkhodolero pambuyo pa M. Mlembi anatsetsereka ndi chala, n'kubwereranso m'mwamba.

"Pepani amayi, mdzukulu wanuyu pano palibe."

"Palibe bwanji, bambo? Si teremu yathayi munamulipirira nokha?"

Wapampando anatsegula kompyuta yake ndipo dzina linali pomwepo, pakati pa anzake. Titabwerera ku pepala la mlembi, lomwe linasindikizidwa kuchokera pa Mac, tinalipeza kumapeto kwenikweni kwa mayina a M, kuseri kwa a Mwale ndi a Mzumara. Mayiyo anapita kwawo mtima uli m'malo. Ine ndinatsala ndi funso: zingatheke bwanji kuti mayina omwewo, m'database imodzimodzi, asanjike mosiyana chonchi?

Chiyambi cha yankho n'chakuti kompyuta sidziwa alifabeti. Imadziwa manambala basi. Chilembo chilichonse chinapatsidwa nambala yake: A wamkulu ndi 65, Z wamkulu ndi 90, a wamng'ono ndi 97, z wamng'ono ndi 122. Nkhodolero yowongoka, ija timadina pa kiyibodi, ndi 39. Koma Microsoft Word ndi mafoni ena amaisintha okha kukhala nkhodolero yopindika, yooneka bwino m'maso, ndipo iyo nambala yake ndi 8217. Chilembo é cha Afalansa ndi 233, pomwe ŵ wathu wa katsindwi, uja wa m'dzina la Malaŵi, ndi 373. Kompyuta ikangosanja potsata manambalawa, zotsatira zake zimadabwitsa munthu amene anaphunzira a, b, c pansi pa mtengo. Mayina onse oyamba ndi chilembo chachikulu amatsogola, ndipo dzina limene wina analilemba mwachangu ndi chilembo chaching'ono limagwera pansi pa Zimba. M'bwana wa nkhodolero yowongoka amalumpha n'kukhala patsogolo pa Maganga, chifukwa 39 ndi yochepa kuposa 97. M'bwana yemweyo akalembedwa ndi nkhodolero yopindika amatsalira kumbuyo kwa Mzumara. Chiŵaya amapezeka atadutsa Chiyembekezo ndi Chizuma. Dzina limodzi, malo osiyanasiyana, ndipo kusiyana kwa nkhodolero ziwirizo diso silikuona n'komwe pa pepala losindikizidwa.

Pofuna kupewa zimenezi, akatswiri anakonza malamulo osanjira mawu molingana ndi chiyankhulo ndi dziko. Mtolo wa malamulo otere umatchedwa locale, ndipo mbali yake yokhudza kasanjidwe imatchedwa collation. Chizindikiro chija cha fr_FR.UTF-8 chimatanthauza kuti mawu asanjidwe monga amachitira olankhula Chifalansa a ku France. Pamenepa m'pamene panali chondisokoneza, chifukwa Mac ndi seva zonse zinali ndi chizindikiro chimodzimodzicho.

Chimene ndinadzamvetsa n'chakuti PostgreSQL, mwa chizolowezi chake chakale, simasunga yokha malamulo osanjira. Ikafuna kudziwa ngati dzina ili litsogole kapena litsatire, imafunsa pulogalamu yaikulu yoyendetsa kompyutayo. Pa Linux imafunsa gawo lotchedwa glibc, lomwe poyamba limayerekeza zilembo zokhazokha, osalabadira nkhodolero, katsindwi kapena kukula kwa chilembo, ndipo limabwerera ku tinthu timeneti pokhapokha mawu awiri akafanana. Pa Windows imafunsa matebulo a Microsoft, komwe ngakhale dzina la locale limalembedwa mwina, French_France.1252. Pa Mac, kwa zaka zambiri, dzina la fr_FR.UTF-8 linalipo koma kuseri kwake kunalibe malamulo enieni a Chifalansa, moti kasanjidwe kankangotsata manambala aja. Excel nayo ili ndi khalidwe lakelake: posanja imalumpha nkhodolero ndi mdulamawu ngati palibe. Choncho dzina la lamulo ndi limodzi, koma omasulira lamulolo ndi ambiri, ndipo sanakhalepo pansi kuti agwirizane.

Chifalansa chenichenicho chili ndi mbiri yochititsa chidwi pa nkhaniyi, ndipo nditaiwerenga ndinawachitira ulemu eni ake. Ali ndi mawu anayi olembedwa ndi zilembo zofanana, osiyana tizizindikiro ta pamwamba tokha: cote, côte, coté ndi côté. Mwa mwambo wa madikishonale awo, mawu otere akakumana, chimene chimagamula ndi kachizindikiro ka kumapeto kwa mawu, osati ka kumayambiriro. Ndiye kuti zilembo amaziwerenga kuchokera kumanzere kupita kumanja, koma tizizindikiro amatiwerenga chobwerera m'mbuyo. N'chifukwa chake mndandanda wa mwambo umayenda monga ndaulembera pamwambapa. Munthu wosadziwa mwambowu, kapena kompyuta yosauzidwa, imaika coté patsogolo pa côte. Katswiri wina wa ku Québec, Alain LaBonté, anaufotokoza mwambowu mwatsatanetsatane kuti makina athe kuutsata, ndipo ntchito yake inalowa m'muyezo wa dziko la Canada, kenako m'muyezo wa dziko lonse wotchedwa ISO 14651, womwe unatuluka koyamba mu 2001. Koma nkhani sinathere pomwepo. Mu 2010 gulu la Unicode, lomwe limasunga malamulo a ziyankhulo m'nkhokwe yake yotchedwa CLDR, linachotsa kuwerenga chobwereraku pa Chifalansa wamba n'kukusiya pa Chifalansa cha ku Canada chokha. Lero mawu anayi omwewo amatha kusanjika mwina ku Montréal, mwina ku Paris, malingana ndi pulogalamu imene munthu akugwiritsa ntchito.

Wina angafunse kuti zimenezi zikutikhudza chiyani ife a kuno kunsi kwa phiri la Zomba. Zikutikhudza. Ku Dzaleka m'boma la Dowa, msasa womwe unatsegulidwa mu 1994, kumakhala anthu masauzande ambiri ochokera ku Congo, Burundi ndi Rwanda, ndipo ana awo amalowa m'makaundula a sukulu ndi a zipatala zathu ndi mayina monga Élise, Désiré ndi Thérèse. Kompyuta yosanja ndi manambala imaponya Élise pansi penipeni pa mndandanda, kupitirira Z. Kutsidya kwa nyanja ya Chilwa kuli abale athu a ku Mozambique, a João ndi a Conceição, amene amabwera kudzagula, kudzachiritsidwa, kudzakwatira. Koma chachikulu kwa ine si mayina a alendo okha. N'chakuti Afalansa, pa kanthu kakang'ono ngati kachizindikiro ka pamwamba pa e, anakangana, analemba, anavomerezana, anasinthanso. Anaona kuti malo a mawu pa mndandanda ndi nkhani yoyenera kuitayira nthawi.

Kusanjika mosiyana pa pepala n'kosautsa, koma munthu wodekha amalipeza dzinalo. Choopsa chenicheni chili m'kati, mmene diso silifika. Kuti database ipeze dzina msanga pakati pa mayina ochuluka, imadzikonzera mndandanda wachinsinsi wosanjidwa kale, wotchedwa index. Imaugwiritsa ntchito monga mmene mwana wa sukulu amafufuzira mawu m'dikishonale: amatsegula chapakati, n'kuona ngati mawu akewo ali kutsogolo kapena kumbuyo, n'kusiya theka lonse losafunikalo osaliyang'ananso. Njirayi ndi yachangu zedi, koma imadalira chinthu chimodzi, chakuti lamulo limene linasanja bukulo likhale lomwelo limene wofufuza ali nalo m'mutu. Lamulo likasintha buku lisanasanjidwenso, wofufuza amakhotera kumanja pomwe mawu ali kumanzere, ndipo amabwerako n'kunena motsimikiza kuti mawuwo mulibe.

Izi zinachitikadi padziko lonse. Mu Ogasiti 2018 kunatuluka glibc 2.28, yomwe inasintha malamulo ake osanjira kuti agwirizane ndi ISO 14651 yatsopano. Kusinthako kunali kolondola, ndipo kunakonza zolakwika zambiri zakale. Koma chitsanzo chimene akatswiri amakonda kupereka chimaonetsa vuto lake: pa makina akale, 11 ankatsogola ndipo 1-1 ankatsatira, pa makina atsopano, 1-1 ndiye amatsogola. Mitundu ya Linux monga Debian 10 ndi Red Hat Enterprise Linux 8, yomwe inatuluka mu 2019, inabwera ndi malamulo atsopanowa. Aliyense amene anasamutsa mafayilo a database yake kuchoka pa makina akale kupita pa atsopano, osamanganso index, anali pa chiopsezo. Dzina limene lilipo limatha kusapezeka. Choipitsitsa, database imene inalamulidwa kuti isalole dzina kapena nambala imodzi kulowa kawiri imatha kulola, chifukwa pofufuza ngati ilipo kale imayang'ana mbali yolakwika. Ndipo sikuwa, sidandaula. Imangoyankha molakwika mwaulemu wonse.

Ndikaganiza za zimenezi ndimakumbukira kuti mu 2017 dziko lathu linalemba anthu oposa 9 miliyoni m'kaundula wa ziphaso za unzika, ndipo kuchokera nthawi imeneyo ntchito zambiri za boma, za mabanki ndi za mabungwe zikudalira mayina osungidwa m'makina. Sindikuloza chala ofesi iliyonse. Ndikungonena kuti pamene moyo wa anthu ukusamukira m'ma database, funso la mmene makina amayerekezera mayina likuleka kukhala la akatswiri okha.

Akatswiriwo mbali yawo akuikonza. Kuyambira pa PostgreSQL 10 ya mu 2017, munthu angathe kuuza database kuti isafunsenso Linux, Windows kapena Mac, koma ifunse ICU, pulogalamu yotsata malamulo a Unicode yomwe imapezeka pa makina onsewa. PostgreSQL 15 ya mu 2022 inalola kuti database yonse iyendere ICU kuyambira pachiyambi, ndipo imachenjeza ikaona kuti malamulo osanjira asintha. PostgreSQL 17 ya mu 2024 inabweretsa kasanjidwe kakekake kophweka, kosadalira wina aliyense. Zida zilipo. Chimene chida sichingachite ndi kutisankhira lamulo la chiyankhulo chathu.

Apa m'pamene maganizo anga amabwerera ku mishoni yeniyeniyo, imene ndimadutsa pafupifupi tsiku lililonse. Alexander Hetherwick, mmishonale wa mpingo wa Church of Scotland, anatsegula Domasi mu 1884 m'dziko la mfumu Malemia, ali mnyamata wa zaka za m'ma 20. Ali kuno anaphunzira Chiyao, ndipo mu 1889 anatulutsa buku lophunzitsa chiyankhulochi lokhala ndi mndandanda wa mawu. Mu 1898 anasamukira ku Blantyre kukatsogolera mishoni yonse. Patapita zaka zambiri anakonzanso ndi kukulitsa dikishonale ya Chimang'anja imene David Clement Scott anatulutsa mu 1892, ndipo inatulukanso mu 1929 monga dikishonale ya Chinyanja. Mayina amene ali pa chikuto ndi a azungu awiriwa, koma mawu aliwonse m'menemo anachokera m'kamwa mwa munthu wa kuno: aphunzitsi, ana a sukulu, akuluakulu a m'midzi amene ankafunsidwa mobwerezabwereza kuti, "Nenaninso, mwati chiyani?"

Ndimayesa kulingalira ntchito imeneyo. Munthu ali ndi mulu wa timapepala, kalikonse kali ndi mawu amodzi, ndipo ayenera kutisanja. Chiyankhulo chimene akusanjacho sichinakhalepo ndi alifabeti ya Chilatini, choncho palibe mwambo woti atsate. Kudya aike pa K kapena pa D? Akaika pa K, aneni onse a chiyankhulo aunjikana pa chilembo chimodzi ndipo buku silithandizanso. N'chifukwa chake madikishonale athu ambiri amaika mneni potsata tsinde lake. Nanga munthu ndi anthu, amodzi ali pa M, ena pa A, awalumikize bwanji? Nanga liwu lija la m'mphuno la mu ng'ombe, losiyana ndi la mu ngolo, alilembe motani, ndipo akalilemba alipatse malo ati? Funso lililonse linafuna munthu woti agamule, ndipo atagamula asasinthe mpaka tsamba lomaliza. Sindikunena kuti zonse anagamula bwino. Kalembedwe kawo kena tinakasiya kalekale. Chimene ndikuona n'chakuti m'chigwa chino munakhalapo anthu amene ankadziwa kuti ndondomeko ya alifabeti si chinthu chogwa kumwamba. Ndi chisankho, ndipo wosankhayo ali ndi udindo.

Ife a lero tinazolowera kuganiza kuti funsoli linatha. Linatha pa pepala, mwina, chifukwa munthu posanja ndi manja amagwiritsa ntchito nzeru. Akaona Ng'oma ndi Ngoma amadziwa chochita ngakhale sangathe kufotokoza lamulo lake. Makina alibe nzeru imeneyo. Amafuna lamulo lolembedwa, losasiya mpata. Ndipo poika kompyuta yatsopano mu ofesi, ambiri timangodina Chingerezi cha ku America kapena cha ku Britain, kapena kusiya chimene mwini wake woyamba anasankha, monga zinachitikira ku komiti yathu. Kuyambira pamenepo mayina a ana a kwa Malemia amasanjidwa ndi malamulo opangidwira mayina a ku Lyon kapena ku Chicago.

Mafunso athu ndi ambiri kuposa a Afalansa. Nkhodolero yathu imagwira ntchito ziwiri zosiyana. Mu ng'ombe, ng'ona ndi ng'oma ndi mbali ya liwu, ndipo ukaichotsa wasintha katchulidwe. Mu m'mudzi ndi m'nyumba imangosonyeza kuti pagwa chilembo. Makina sangasiyanitse ziwirizi pokhapokha atauzidwa. Katsindwi ka ŵ manyuzipepala ambiri a Chichewa anakasiya, koma m'Chiyao ndi m'Chitumbuka kakugwirabe ntchito, mu ŵandu ndi ŵanthu, ndipo munthu mmodzi yemweyo amapezeka ali Chiŵaya pa satifiketi ya ubatizo, Chiwaya pa chiphaso. Abale athu a ku Chipata ndi Katete amalemba c pamene ife timalemba ch, moti Chirwa wa kuno ndi Cirwa kumeneko. L ndi r amasinthana mwaufulu m'kamwa mwathu, ndipo alembi amalemba chimene amva. Kuwonjezera apo pali mawu aulemu amene amamatirira ku dzina. Kuno kwathu amayi ambiri amadziwika ndi Abiti, abambo ndi Che. Mlembi akalemba monga wamvera, theka la mudzi limaunjikana pa A ndi pa C. Limeneli si vuto la collation kwenikweni, ndi la kalembedwe ka kaundula, koma pa pepala zotsatira zake n'zofanana: munthu alipo, koma sakupezeka.

Mitundu ina inadutsa m'njira yomweyi ndipo inalemba zimene inagwirizana. Anthu a ku Wales, amenenso ali ndi ŵ m'chiyankhulo chawo, amatenga ng ngati chilembo chimodzi choima pachokha, chobwera pambuyo pa g, ndipo makina amadziwa zimenezi. A ku Sweden amaika å, ä ndi ö kumapeto, kuseri kwa z. Olankhula Chisipanishi anagwirizana mu 1994 kuti ch ndi ll asiye kukhala ndi malo awoawo posanja. Koma chitsanzo chimene chimandigwira mtima kwambiri ndi cha ku Germany. Iwo ali ndi ndondomeko ziwiri zovomerezeka: ya dikishonale, mmene ä amawerengedwa ngati a, ndi ya mayina a anthu monga m'buku la manambala a lamya, mmene ä amawerengedwa ngati ae. Anachita zimenezi chifukwa anazindikira kuti dzina limodzi limalembedwa mosiyanasiyana, ndipo wofufuza munthu amafuna kuti malembedwe onsewo akhale moyandikana.

Ine ndikukhulupirira kuti Chichewa chikufunikanso ndondomeko ziwiri zotere. M'dikishonale ndi m'mabuku a sukulu, ndingakonde kuti mawu onse a ng' akhale pamodzi, pamalo awoawo, kuti mwana aone ndi maso kuti ng'ombe ndi ngolo siziyamba ndi liwu lofanana. Kumeneko n'kuphunzitsa. Koma pa mndandanda wa mayina a anthu cholinga n'china: kupeza munthu. Pamenepo nkhodolero ndi katsindwi zilumphidwe poyamba, zigwire ntchito pokhapokha mayina awiri akafanana pa zina zonse. Ng'oma akhale pafupi ndi Ngoma, Chiŵaya pafupi ndi Chiwaya, M'bwana pambuyo pa Mbewe, kuti mlembi aone onse nthawi imodzi n'kufunsa yekha ngati ndi munthu mmodzi kapena awiri. Alipo anzanga aphunzitsi a Chichewa amene sagwirizana nane, amati kulumpha nkhodolero n'kuipeputsa, ndipo mapeto ake ana adzaleka kuilemba. Nkhawa yawo ndimaimva, pakuti inenso ndimadula malikisi mwana akalemba ngombe. Koma kaundula wa ana amasiye si malo ophunzitsira kalembedwe. Mtengo wa phunzirolo amalipira ndi gogo amene wayenda kuchokera ku Songani m'mamawa.

Ku komiti yathu tinachita zimene tikanatha. Tinasintha nkhodolero zonse kukhala za mtundu umodzi, ndipo tinakonza kuti dzina latsopano likamalowa, nkhodolero yopindika iziwongoledwa yokha. Tinapatula Abiti ndi Che kuti akhale m'bokosi lawolawo, osati kumayambiriro kwa dzina. Tinachotsa database m'manja mwa malamulo a Mac ndi a Linux n'kuiika pa ICU, ndi lamulo lolumpha zizindikiro poyamba, kenako tinamanganso ma index onse. Tinagwirizananso kuti mndandanda wogwiritsa ntchito pa tsiku lotsimikizira mayina uzisindikizidwa kuchokera pamalo amodzi okha. Mlembi wathu, bambo wachikulire amene anagwirapo ntchito ya ukalaliki zaka zambiri, atamva kufotokoza kwanga konse anangoti, "Aphunzitsi, ndiye kuti makinawa amafunika kuwauza chilichonse ngati mlendo?" Ndinawayankha kuti inde, ndipo tikapanda kuwauza ife amatsata zimene anauzidwa kwina.

Koma zimene tinachitazo ndi za kakomiti kamodzi. Ofesi ina ya pafupi idzasankha zina, chipatala china zinanso, ndipo mafayilo awo akadzakumana vuto lidzabukanso. Chofunika ndi lamulo limodzi lolembedwa, lovomerezedwa ndi amene ali ndi udindo pa chiyankhulo. Ndipo anthu oterowo sali kutali. Pa Domasi pomwe pano pali Malawi Institute of Education, yomwe inayamba ntchito mu 1982 ndipo imakonza mabuku amene ana athu amaphunzirira kuwerenga. Pali koleji yophunzitsa aphunzitsi. Ku Zomba, ulendo wosakwana ola pa minibasi, kuli Centre for Language Studies ya University of Malawi, yomwe inakhazikitsidwa mu 1996 kulowa m'malo mwa Chichewa Board, ndipo inatulutsa Mtanthauziramawu wa Chinyanja. Ku yunivesite komweko kuli aphunzitsi a zamakompyuta ndi a Chifalansa amene nkhani ya côte ndi coté si yachilendo kwa iwo. Bungwe la mayeso la MANEB, lomwe chaka ndi chaka limasanja mayina a ana masauzande mazanamazana, lili mumzinda womwewo.

Ntchito yake si yaikulu monga kulemba dikishonale. Malamulo osanjira a ziyankhulo zambiri m'CLDR ndi mizere yochepa chabe, yonena kuti chilembo ichi chitsatire icho, ichi chiwerengedwe ngati icho. Chovuta ndi kukhala pansi n'kugwirizana za ng', za m', za ŵ, ndi kuitana a ku Zambia ndi a ku Tete ndi Niassa kuti anene mbali yawo, popeza chiyankhulochi n'chawonso. Akagwirizana, chikalatacho chingatumizidwe ku Unicode, kumene malamulo a ziyankhulo zina amalandiridwa ndi kuunikidwa, ndipo chikalowa m'CLDR chimafika chokha mu ICU, mu mafoni a Android ndi iPhone, ndi mu PostgreSQL ya ofesi iliyonse imene ingasankhe Chichewa. Ine ndayamba kulemba mayina ovuta amene ndimakumana nawo m'makaundula a kuno, aliwonse ndi malembedwe ake onse, kuti tsiku limene akatswiriwo adzakumane adzakhale ndi zitsanzo zenizeni zoyesera lamulo lawo.